Zitini Zitatu za Amalume ndi Sefa ya Amayi

Chitini chachiwiri ndikadali nacho. Chimakhala pawindo la kukhitchini kwanga ndipo ndimasungiramo masupuni. Alendo amachiona ngati chitini wamba cha majarini chimene dzimbiri linachidya kunsi, koma mabowo amenewo si a dzimbiri. Anawabowola ndi amalume anga, ndi msomali wa mainchesi atatu, atavala magalasi obwereka. Zinalipo zitatu. Choyamba chinathera kudimba, kothirira nazale ya fodya. Chachitatu chinasowa monga zimasowera ziwiya pamaliro.

Zitinizi anapangira mlongo wanga, mnyamata amene nthawi imeneyo anali ndi chaka chimodzi ndi mwezi umodzi, mano anayi, ndi maganizo akeake pa nkhani ya chakudya.

Mwanayu anabadwa masiku asanakwane, kuchipatala cha mishoni ku Namitete. Ine ndinamuona patatha milungu isanu. Tsiku limene amayi anafika naye kwathu, mudzi wina cha kufupi ndi Nsaru, amalume anavula chisoti n'kumugoneka m'menemo, malo n'kutsala. Alipo anthu amene amati ndimakokomeza nkhani imeneyi. Ine ndinakulira m'kalasi la katekisimu, kunama sindidziwa, ndipo ndikunenetsa kuti m'chisotimo mukanakwananso mapeyala awiri.

Mwana wobwera choncho salereka ngati anzake. Atayamba kudya, amayi ankadutsitsa phala lake m'kasefa ka waya wothinana, ka mafelemu a thabwa, kamene m'mbali mwake munali mutada ndi manja. Ankasefa kawiri. Phalalo linkatuluka losalala, lamadzimadzi, loti ukasuzumira m'mbale unkaona nkhope yako ikukuyang'ana. Ndimakumbukabe fungo lake, la utsi pang'ono ndi shuga pang'ono, ndiponso kaphokoso ka supuni ikamakhula waya, kophweteka m'mano.

Miyezi inapita, mwana anakula, mano anatuluka, koma sefa sinapume. Anzake obadwa mwezi umodzi anali atayamba kale kulimbana ndi mbatata, iye ayi. Supuni ikafika pakamwa ankayamba wayang'ana amene akumudyetsayo, kenako phala, kenako amene akumudyetsayo kachiwiri. Akalandira, ankalizunguza ndi lilime, maso ali kudenga. Akapezamo kam'bulu, ngakhale kochepa ngati mutu wa nyerere, ankakapatula bwinobwino, phala n'kumeza, kam'buluko n'kulavula. Ndipo sankalavula mwachisawawa. Tsiku lina anamenya nako nkhuku imene inali kuseri kwa nkhokwe. Ndinalipo, nkhukuyo ndimaidziwa, inali yamawangamawanga.

Amalume ndiwo anamupatsa dzina loti Ainsipekita, chifukwa ankati nkhope imeneyo anaionapo pa anthu aja amabwera kusukulu kudzayendera aphunzitsi. Dzinalo linakakamira mpaka lero, ngakhale mwini wake tsopano ndi bambo wa ana atatu amene amadya chimanga chootcha mpaka chitsononkho kuchita mantha.

Inali nyengo ija sukulu itakhala yaulere, ana titasefukira m'makalasi, ena tikuphunzirira pansi pa mitengo. Amayi anali m'gulu la anthu amene analembedwa uphunzitsi mwachangu, a satifiketi ya sekondale koma osadutsa ku koleji. Ankaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu yomwe ine ndinali Sitandade 3. Bambo anali kalaliki pa esiteti ina ku Kasungu ndipo tinkawaona pa Khirisimasi ndi pamaliro. Choncho nyumba yathu inaima pa choko cha amayi.

Mvula ikupita kumapeto, maungu atayamba kupsa m'minda, aphunzitsi aakulu anafika kwathu panjinga. Kalata anaiika m'kati mwa kope kuti isapindike. Amayi anali ataitanidwa ku koleji, miyezi itatu, kogonera komweko, ana osaloledwa. Ine ndinali pakhonde ndikusenda mtedza, ndipo palibe munthu wamkulu amene amaganiza kuti mwana wosenda mtedza ali ndi makutu.

"Mayi, ine sindikukakamizani," anatero aphunzitsi aakulu. "Koma mwayi uwu ukadutsa sindidziwa ngati ubwereranso. Ndipo amene alibe pepala, tsiku lina adzangomuuza kuti zikomo, mwatithandiza."

Anawapatsa milungu isanu ndi umodzi kuti ayankhe.

Amalume, achimwene awo a amayi, ankakhala nyumba yoyandikana ndi yathu. Akazi awo, amene ife tinkawatchula kuti azakhali, ndiwo ankatsala ndi mwanayo m'mawa amayi akapita kusukulu. Nkhani itawapeza, azakhaliwo sanazungulire.

"Mwanayu ndimulera, si mlendo. Koma ndili ndi anga anayi, ndi fodya m'chigafa. Adye zimene anzake akudya. Wa sefa ine sindingamuthe, mlamu."

Sanali ouma mtima. Lero, nditalera anga, ndimaona kuti ananena zoona zokhazokha, ndipo anazinena nthawi ikadalipo. Amayi anasisita kamutu ka mwana amene anali kubere. Kenako anati, "Akayamba kudya ndipita. Akapanda kudya, pepala likhale."

Mawu amenewo ndinawatola n'kuwasunga.

Amalume anali mmisiri wa malata pa Nsaru. Ankapanga ndowa, mbaula ndi makoloboyi, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti palibe vuto padziko lapansi limene lingalimbe pamaso pa chitini, msomali ndi nyundo. Anati cholakwa n'choonekeratu. Mwana sumuchotsa Sitandade 1 n'kukamukhazika Sitandade 8. Amakwera kalasi ndi kalasi. Loweruka lotsatira anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi zitini zitatu za majarini, nabowola choyamba ndi kamsomali ka nsapato, chachiwiri ndi wa mainchesi atatu, chachitatu ndi chimsomali cha denga. M'mbali analembamo ndi utoto wofiira: 1, 2, 3.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Umaphika phala lolimbirako, la mgaiwa, lothira nsinjiro, nthawi zina n'kuphwanyiramo dzungu kapena mbatata. Umalithira m'chitini n'kumalikanikiza ndi kumbuyo kwa supuni. La chitini choyamba linkatuluka ndi timibulu ngati mchenga wa kumtsinje. La chachiwiri ngati mpunga wosweka. La chachitatu ngati khobwe. Milungu iwiri kalasi iliyonse, anatero amalume, ndipo Ainsipekita adzatuluka ndi satifiketi amayi awo asanapeze yawo.

Sefa anailanda. Anaisomeka pamwamba m'khitchini mwathu, pakati pa udzu ndi phaso, pamene panali mwaye wambiri. "Iyi yapuma pantchito," anatero, akupukuta manja.

Ntchito inagawidwa. M'mawa ankadyetsa amayi asanapite kusukulu, m'khitchini, chitseko atakoka chifukwa cha nkhuku. Masana ndinkadyetsa ine, popeza a Sitandade 3 tinkaweruka msanga. Madzulo dzuwa likapendeka kunali mayeso, pamphasa, pamaso pa amalume.

Masamu ine sindinkawatha. Aphunzitsi athu ankati ndikawerenga mbuzi zisanu ndimapeza zinayi ndi mwayi. Koma samu iyi ndinaipeza ndekha, popanda timitengo towerengera. Mwana akakhoza chitini chachitatu, amayi apita. Mwana akalephera, amayi akhala. Miyezi itatu sindinkaidziwa kutalika kwake, koma ndinkadziwa bambo, amene nawonso anachoka atanena kuti abwera posachedwa.

Tsiku loyamba ndinachita monga anandiuzira. Ndinakanikiza phala m'chitini choyamba, ndinamukhazika pamwendo, ndinamupatsa. Analavula masupuni anayi. Yachisanu anaisunga m'kamwa nthawi yaitali, akundiyang'ana, ndipo ndinaona kakhosi kake kakugwedezeka. Anameza. Mtima wanga unagwa pansi ngati mbale.

Mawa lake ndinagubuduza mtondo, ndinauimika pansi pa phaso, ndinakwera. Sefa inali pomwe anaisiya, yozizira, yamwaye. Ndinaitsuka, ndinasefa phala la chitini choyamba kawiri, ndinathira madzi otentha pang'ono. Ainsipekita anamaliza mbale yonse maso ali gwa pa ine, ngati munthu amene wapeza kalaliki womvetsa zinthu. Kenako ndinatsuka sefa, ndinaiumitsa pamoto, ndinaipaka kamwaye kuti isaoneke yoyera, ndinaibwezera. Mtondo ndinaugubuduzira pamalo pake. Timibulu totsala m'sefa ndinkapatsa nkhuku.

Ndinachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndikanakhala kuti luso limenelo ndinaliika pa maphunziro, bwenzi pano ndikuyendetsa ndege.

Madzulo mayeso ankayenda momwe ndinkafunira. Amalume ankakhala pampando wawo wa ndalema, manja pamaondo. Amayi ankatenga supuni. Mwana amene masana wadya phala losalala ngati mafuta sangavomere mchenga madzulo. Ankatseka pakamwa, kupotoza khosi, kukankha supuni, ndipo akailandira ankabweza katundu yense pachitenje cha amayi. Pamapeto ankalira, amayi n'kumuika kubere, amalume n'kunyamula chitini kukachiyang'anira kudzuwa.

Anakayikira msomali. Anakayikira chitini, nati mwina majarini a masiku ano amasiya fungo. Analawa okha phalalo natsimikiza kuti likanakhala la iwo bwenzi atapempha lina. Anayesa kuimba, ndi liwu lawo la besi la kukwaya, ndipo mwana anasiya kulira kuti awayang'ane bwino, koma pakamwa sanatsegule. Mlungu wachiwiri utatha Ainsipekita anabwereza kalasi. Amene anapindula ndi nkhuku. Tambala wathu ananenepa mpaka m'mawa ankalira atakhala pansi. Izi musafunse ine ndekha, mudzi wonse unkamumva, liwu lake linkachokera m'munsi.

M'mlungu wachitatu munachitika chinthu chimene chinandisokoneza. Nditakwera pamtondo masana ena, ndinapeza sefa ili yonyowa. Osati kwambiri. Thabwa lake linali lozizira ndi lofewa m'makona, ndipo mwaye umene ndinapaka dzulo lake panalibe. Ndinayang'ana denga. Mvula inali isanagwe masiku khumi. Ndinatsika ndikudziwa kuti wina wandigwira, ndipo madzulo amenewo ndinakhala pamphasa ngati mbuzi yogulidwa kale. Palibe anandifunsa za sefa. Mawa lake inalinso yonyowa, ndipo inasomekedwa chogwirira chili kumanzere, pamene ine ndinkasiya chili kumanja.

Ndinaganiza za makoswe, koma khoswe satsuka ziwiya. Ndinaganiza za afiti, koma sindinaone chimene mfiti ingafune pa sefa ya mwana. Pomaliza ndinagwirizana ndi mtima wanga kuti waya akakhala pautsi amatuluka thukuta. Nkhaniyo ndinaitseka pamenepo n'kupitiriza ntchito yanga.

Tsiku la sikelo linafika m'mlungu wachinayi. Linali Lachisanu, ndipo amayi anapempha chilolezo kusukulu. Ine ananditenga kuti ndinyamule thumba la matewera. Azakhali nawo anabwera ndi wawo wotsiriza, kamtsikana kobadwa miyezi iwiri m'mbuyo mwa mlongo wanga koma kolemera ngati thumba la feteleza. Sikelo inkapachikidwa panthambi ya mtengo, kumbuyo kwa tchalitchi. Mlongo wanga atalowa m'kabudula wa sikeloyo, muvi unagwedezeka pang'ono n'kuima ngati wachita manyazi.

Mayi wa zaumoyo analemba kadontho pakhadi, nalumikiza ndi ka mwezi watha, ndi ka mwezi winawo. Mzere unali utagona chogona. Anafunsa zimene mwana amadya, ndipo amayi anafotokoza za zitini. Mayiyo anaseka pang'ono, osati monyoza, nati amalumewo ali ndi nzeru. Kenako anayang'ananso mzere wogona uja, nkhope inasintha.

"Phala lamadzi limangodzaza mimba, aphunzitsi. Mwanayu akuyenda ndi madzi. Muzimukhazika pamene anzake akudya, mumpatse kanthu kofewa agwire yekha. Akachita ngati afuna kusanza musathamangire kumupisa chala m'kamwa, ndiye kuphunzira kwake, akubweza chakudya ndi lilime. Mukhale pafupi, muzimuyang'ana. Wotsamwa zenizeni satsokomola, salira. Amene akutsokomola musiyeni amalize."

Amayi ankagwedeza mutu ngati mwana wasukulu amene yankho akulidziwa kale koma sakufuna kukweza dzanja. Azakhali ndinawaona akumvetsera ndi nkhope yonse.

Pobwerera khadi ndinanyamula ine. Ndinaliyang'ana njira yonse. Kuwerenga mizere imeneyo sindinkadziwa, koma ndinali nditaona khadi la mwana wa azakhali, mzere wake ukukwera ngati njira ya kuphiri. Wa kwathu unali ngati bwalo la mpira. Mawu aja oti akuyenda ndi madzi sanandichoke m'mutu, chifukwa madziwo ndinkathira ndine, ndi dzanja langa, kuchokera m'ketulo.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinasiya tsiku lomwelo. Ndinasiya masiku awiri. Lolemba ndi Lachiwiri ndinamupatsa la chitini choyamba, osasefa, ndipo analira mpaka mitsempha ya pamphumi kuonekera, akundiyang'ana ngati ndamugulitsa. Lachitatu ndinagubuduzanso mtondo. Ndinadziuza kuti ndikumumvera chisoni. Mwina theka linali loona. Theka linalo linali kalendala ya kampani ya feteleza imene inali pakhoma, pamene amayi anazunguliza tsiku loyankha ndi cholembera chofiira chochongera makope.

Munthu wamkulu amene ndili lero amafuna kumugwira khutu mtsikana ameneyo. Koma ndikamuyang'anitsitsa, ataima pamtondo ndi zala za kumapazi, diresi la sukulu lili mwaye wokhawokha, dzanja langa limabwerera lokha.

Loweruka lomaliza linafika mwana akadali Sitandade 1. Lolemba aphunzitsi aakulu ankabwera kudzamva yankho. Amalume anali atasiya kulankhula za zitini, ndipo chachitatu anali atayamba kuikamo misomali. Tsiku limenelo tonse tinali kuchigafa, kusankha fodya. Fungo lake linkakanda kukhosi, ndipo manja ankachita phula lakuda loti sopo ankangolipatsa moni. Amayi ankasankha osadzutsa mutu kuyambira m'mawa. Ine ndinali wosangalala ndipo ndinkayesetsa kuti zisaoneke.

Dzuwa lili pamutu azakhali anabwera ndi beseni la maungu ophika ndi mbatata. Anayala mkeka pansi pa mango, anatisambitsa m'manja tonse, nakhazika ana awo mozungulira. Kenako anamasula mlongo wanga kumsana kwa amayi, osapempha, namukhazika pakati pa anzake. Sanamupatse kanthu. Sanamuyang'ane n'komwe. Anangoika kachidutswa ka dzungu, kofewa, kosenda, kotalika ngati chala, pamkeka patsogolo pa mwana wawo wamkazi uja.

Kamtsikanako kanali kale ndi kena m'manja, kakudya ndi nkhope yonse, mpaka m'makutu. Mlongo wanga anakayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana pakamwa pake, anayang'ana dzungu la pamkeka. Mwana wa azakhali atatambasula dzanja kuti atenge kachiwiriko, Ainsipekita anamutsogolera. Sindikhulupirira kuti inali njala. Kunali kusafuna kuti mnzake akhale ndi ziwiri.

Analifinya mpaka linatuluka m'mipata ya zala. Analinunkhiza. Analipaka patsaya. Kenako, ngati mwangozi, linalowa m'kamwa, ndipo mano anayi aja anagwira ntchito yawo yoyamba chibadwire.

Nkhope inafiira. Maso anatuluka misozi, lilime linatuluka, kakhosi kanachita kokoko. Amayi anali ataimirira kale, sindinaone n'komwe nthawi imene anadzuka. Azakhali anawagwira pamkono, osati mwamphamvu, maso awo ali pa mwana.

"Akutsokomola, mlamu. Mumve. Akutsokomola."

Anatsokomola kawiri. Kachidutswako kanabwerera kutsogolo kwa lilime. Tonse tinkadziwa chotsatira, ndipo nkhuku zinali zitayamba kale kusendera. Koma iye anakasunga. Anakazunguza, maso ali kumasamba a mango, monga mwa ntchito yake. Anakakanikiza ndi usinini, mbali iyi, mbali inayo. Anameza. Anakhala kaye chete, ngati akulemba lipoti. Kenako anatambasula dzanja kubeseni.

Tsiku limenelo anadya zidutswa zitatu za dzungu ndi kambatata. Ndikanati zisanu ndi ziwiri palibe akananditsutsa, koma ndinalonjeza kunena zoona.

Amalume anavula chisoti, chomwe chija, n'kuchiyang'ana m'kati. Anati m'moyo wawo wonse sanaonepo mwana wolephera Sitandade 1 milungu isanu ndi umodzi n'kukhoza Sitandade 8 tsiku limodzi, ndipo ngati boma lamva za zimenezi sukulu zitsekedwa. Ananena kuti zitini zinathandizabe, chifukwa zinamukonza maganizo. Azakhali anati inde, bambo, zinathandiza, nawapatsa mbatata yaikulu.

Amayi anaseka nawo. Anamunyamula mwana, anamupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anamuuza kuti wachita bwino. Kenako anamubwezera pamkeka n'kunena kuti akukatsuka mbale. Kunyumba kunalibe mbale zakuda. Ndinali nditatsuka ndekha m'mawa.

Ndinawatsatira patapita kanthawi. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini atakhala pamwala wotsukira, manja ali pamiyendo, opanda mbale, opanda madzi. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina ndinaganiza kuti poti zonse zatha, bola andimenye, ndikhale ndi chifukwa cholirira. Ndinaulula zonse, za mtondo, za mwaye, za madzi a m'ketulo, za nkhuku. Ndinati mzere wa pakhadi ndinaugoneka ndine.

Sanandimenye. Sanadabwenso, ndipo zimenezo zinandikhumudwitsa pang'ono, chifukwa ndinkadziona ngati katswiri. Anandikokera pakati pa maondo awo n'kuyamba kundimasula tsitsi, limene linali lisanafike pomasula. Zala zawo zinkanunkha fodya ndi dzungu. Patapita nthawi anati, "Mzere uja si wako wekha." Ndinaganiza kuti akunena amalume ndi zitini zawo, ndipo ndinavomereza mumtima kuti inde, nawonso anali ndi mbali yawo.

Lolemba aphunzitsi aakulu anabwera, ndipo amayi anati apita.

Masiku otsalawo anathera pophunzitsa mwana kugona kwa azakhali ndi kuiwala bere. Zimenezo zinali nkhondo ina, yoti ndidzaifotokoze ndikadzapeza mphamvu. Pa nkhani ya kudya, munthu uja anatembenuka ngati wabatizidwa. Anadya nthochi, mapeyala, futali, dzira lophwanya, nyemba zokanya. Anadya ngodya ya buku la nyimbo la amalume, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yachisanu ndi chitatu. Mwezi wotsatira ndinapita kusikelo ndi azakhali, ndipo muvi uja unayenda ulendo woti mayi wa zaumoyo anagogoda sikeloyo ndi chala kuti aone ngati yafa. Amayi atabwerako patatha miyezi itatu anapeza kamnyamata konenepa, koyenda kokha, kamene kanabisala kumbuyo kwa azakhali theka la tsiku kasanavomere kunyamulidwa. Amayi anadikira. Anakhala pamkeka ndi kachidutswa ka mbatata m'manja, osamuitana, mpaka anabwera yekha. Amayi anaphunzitsa zaka zambiri pambuyo pake, ndi pepala lawo, ndipo palibe anawauza kuti zikomo, mwatithandiza, nthawi isanakwane.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa wa tsiku limene ananyamuka. Ankalongedza sutikesi ya bambo, ya zipi wakufa, ine nditakhala pabedi ndikuwapatsira zinthu. Zitenje ziwiri, diresi la kutchalitchi, sopo, Baibulo, makope. Atatsala pang'ono kutseka anatuluka, ndipo ndinawaona pakhomo la khitchini akutambasula dzanja kudenga, osasowa mtondo, osafufuza n'komwe, ngati munthu wotenga chinthu pamene wachisiya yekha. Anabwera ndi sefa, anaikulunga m'chitenje, anaiika pansi pa zovala.

Ndinafunsa kuti kodi ku koleji kulinso ana.

"Ayi," anatero. "Koma ufa wa kumeneko sindiudziwa."

Tinawaperekeza kumsewu, ine, amalume atanyamula sutikesi paphewa, ndi azakhali atabereka Ainsipekita, amene anali kalikiliki ndi nthochi ndipo sanaone kuti galimoto yafika. Amayi anamugwira kaphazi, kamodzi, n'kukwera msanga. Fumbi litatsika tinabwerera.

Njira yonse ndinkaganiza za sefayo, ndipo zinandipweteka. Ndinkati aitenga chifukwa sakundikhulupiriranso, akuopa kuti akangochoka ndigubuduzanso mtondo. Za thabwa lonyowa lija, za chogwirira choloza kumanzere, za chitseko cha khitchini chimene ankakoka m'mawa uliwonse chifukwa cha nkhuku, ndinali nazo zonse m'mutu, chilichonse pachokha, ndipo sindinaone chifukwa choziika pamodzi. Nkhani ya thukuta la waya inali itandikwanira. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti m'nyumba mwathu munthu amene sankafuna kuti amayi apite anali mmodzi yekha.